Uthenga Pakati pa Phiri ndi Nyanja: Kuchokera pa Waya wa Rhodes Kufika pa Madroni ku Sanga ndi Madera Oyandikana Nako

Dera la m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kuyambira ku Kande ndi ku Chintheche kummwera, kudutsa ku Sanga mpaka kukafika ku Usisya kumpoto, ndi kachigawo kopapatiza ka nthaka kopanikizika pakati pa madzi ndi mapiri. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja zamchere, pamene mapiri a Viphya, omwe ali kumadzulo kwake, amakwera kupitirira mamita 1,500, ndipo kumpoto kwa doko la Nkhata Bay mapiri a Kandoli ndi zitunda zotsatana nawo zimatsetserekera m'madzi mwenimweni, osasiya danga loti msewu udutse mosavuta. Mvula imagwa yambiri kuposa m'madera ambiri a dziko lino, mitengo imakula yothithikana, ndipo kuyambira mwezi wa Meyi mpaka cha mu Ogasiti mphepo ya mwera imavundula nyanja moti bwato silingaloledwe kupita kutali. Maonekedwe a dzikowa ndiwo akhala akulamulira kayendedwe ka uthenga kwa zaka zoposa 140, pakuti njira iliyonse yotumizira mawu yomwe idafika kuno idakumana ndi phiri lomwelo ndi nyanja yomweyo, ndipo iliyonse idapambana pokhapokha padapezeka woima pakati, wolandira uthenga kwa wina ndi kuupatsira kwa wina. Madroni onyamula netiweki ndiponso zikwangwani zobweza mafunde a wayilesi, zomwe akatswiri a zamtokoma akufufuza masiku ano, ndi oima pakati atsopano pa mzere wakale kwambiri.

M'zaka za m'ma 1870, pamene Atonga ankakhala m'malinga a ku Chintheche ndi ku Bandawe podziteteza kwa Angoni a kumapiri, uthenga unkayenda ndi miyendo ya mthenga kapena ndi nkhafi za opalasa bwato, ndipo liwiro lake linali la munthuyo basi. Zinthu zidayamba kusintha pamene sitima ya nthunzi ya Ilala idalowa m'nyanja mu 1875, ndipo makamaka pamene Robert Laws adasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe mu 1881, chifukwa kuyambira pamenepo gombeli lidakhala malo omwe sitima inkaima kutsitsa katundu ndi makalata. Boma la atsamunda litakhazikitsa positi mu 1891, makalata a kumtunda ankanyamulidwa ndi anthu oyenda pansi, ovala yunifomu yofiira, omwe ankalandizana thumba pa malo oikika, wina akatopa wina n'kupitiriza, usana ndi usiku.

Waya wa telegalafu udabwera ndi zolinga zosakhudza kwenikweni anthu a kunyanja. Mu 1892 Cecil Rhodes adakhazikitsa kampani ya African Transcontinental Telegraph Company, yomwe cholinga chake chidali kulumikiza Cape Town ndi Cairo ndi waya umodzi wodutsa pakati pa Africa, ndipo njira yomwe idasankhidwa idachokera ku Salisbury, kudzera ku Tete, Blantyre, Zomba ndi Fort Johnston, kenaka n'kutsata gombe lakumadzulo la nyanja kudzera ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay mpaka ku Karonga, komwe udafika zaka za m'ma 1890 zisanathe. Mizati yake idali yachitsulo, popeza yamitengo ikadadyedwa ndi chiswe kapena kupsa ndi moto wolusa, ndipo mzati uliwonse pamodzi ndi mikukutu ya waya zidayenda pamitu ya amtengatenga. Telegalafu imagwira ntchito potumiza magetsi odukizadukiza mu waya, aafupi ndi aatali, motsata zizindikiro za Morse, koma mphamvu ya magetsiwo imachepa waya akatalika, moti pamafunika masiteshoni a pakati pomwe uthenga wofika mofooka umalandiridwa ndi kutumizidwanso ndi mphamvu yatsopano. Pa masiteshoni oterewa pankafunika anthu odziwa kuwerenga Chingerezi ndi kumva kugogoda kwa makina, ndipo sukulu ya Overtoun Institution ya ku Khondowe, yomwe idatsegulidwa mu 1894 ndipo ophunzira ake ambiri oyamba adali Atonga, idaphunzitsa achinyamata ntchito imeneyi. Waya ankaduka kawirikawiri, mtengo ukagwa m'nyengo ya dzinja, mtsinje ukasefukira kapena njovu zikakhula mizati, kotero kuti kulambula njira yake ndi kulumikiza poduka idali ntchito ya chaka chonse. Loto la Rhodes silidakwaniritsidwe, chifukwa waya adathera ku Ujiji m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, ndipo pofika nthawi imeneyo telegalafu yopanda waya idali itayamba kale kusonyeza kuti mizati ya pakati pa nkhalango siidzakhala yofunika mpaka kale.

Phindu la wayayo kwa eni ake lidaoneka poyera mu Ogasiti 1914. Akuluakulu a boma ku Zomba adalandira uthenga woti nkhondo yayamba pakati pa Britain ndi Germany, ndipo Captain Rhoades adawoloka nyanja ndi sitima ya Guendolen kukawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann, yomwe inkakonzedwa pa gombe la Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli, kutsidya kwa boma la Nkhata Bay. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo, Captain Berndt, sankadziwa n'komwe kuti kuli nkhondo, popeza uthengawo udali usanamufike. Ulamuliro wa nyanja yonse pa nkhondoyo udatsamira pa kusiyana kwa masiku ochepa pakati pa tsidya lokhala ndi waya ndi tsidya lopanda waya.

Kwa anthu wamba a m'midzi ya kunyanja, waya ankangodutsa pamwamba pa minda ya chinangwa, pakuti mtengo wa telegalamu unkawerengedwa pa liwu lililonse, ndipo ambiri ankaigwiritsa ntchito pa uthenga wa maliro okha. Chomwe chidalumikiza dera lino ndi dziko lakunja chidali kalata, ndipo kufunika kwa kalata kudakula chifukwa Atonga adali m'gulu la anthu oyamba kupita kukagwira ntchito kutali, poyamba ku kampani ya Mandala ndi m'minda ya ku Blantyre, kenaka ku migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe, yemwe adayambitsa bungwe la ogwira ntchito la Industrial and Commercial Workers' Union ku Cape Town mu 1919, ndi mmodzi chabe mwa anthu zikwizikwi omwe adatsata njira imeneyi. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu J. van Velsen, yemwe adakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950 ndi kusindikiza buku la The Politics of Kinship mu 1964, adapeza kuti pa nthawi iliyonse amuna oposa theka adali kunja kwa dera, komabe ankatsatira milandu ya malo, maukwati ndi maufumu a kwawo kudzera m'makalata ndi mwa anzawo obwerera. Amene makalata awo adaleka kufika ankatchedwa machona, ndipo n'kovuta kusiyanitsa amene adaiwaladi kwawo ndi amene njira ya uthenga idangowadukira. Sitima ya Ilala yachiwiri, yomwe idayamba kuyenda mu 1951, idakhala positi yoyandama ya malo ngati Usisya ndi Ruarwe, komwe msewu udali wovuta kapena kunalibe, moti tsiku lofika sitima lidali tsiku lomva za kunja.

Wayilesi ndiyo idayamba kudumpha phiri popanda mthenga waumunthu, ndipo momwe idachitira zimenezi n'zofunika kuzimvetsa. Siteshoni ya Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka inkaulutsa mawu m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina, ndipo kuyambira mu 1949 kudabwera kawayilesi kotsika mtengo koyendera batire, komwe kankatchedwa Saucepan Special chifukwa chikopa chake chidali ngati sefuliya. Mawu ochokera ku Lusaka, ndiponso pambuyo pake ochokera ku Blantyre bungwe la MBC litakhazikitsidwa mu 1964, ankafika ku Chintheche pa mafunde a shortwave, omwe sayenda motsata nthaka koma amakwera kumwamba mpaka ku chigawo cha mlengalenga chotchedwa ionosphere, makilomita oposa 100 pamwamba pa dziko, komwe amabwezedwa ndi kukatera kutali. Motero mlengalenga weniweniwo ndiwo udali chobwezera mafunde choyamba chomwe anthu a kunyanja adapindula nacho, ngakhale kuti palibe amene akadachiwongolera, ndipo n'chifukwa chake mawu ankamveka bwino usiku wina n'kumazimirira usiku wotsatira. Mafunde a FM, omwe adabwera pambuyo pake, amamveka bwino koma sabwezedwa ndi mlengalenga, amangofika komwe mlongoti wake ukuonekera, kotero kuti mudzi wokhala kuseri kwa chitunda udayambanso kusowa mawu. Wayilesi za m'madera, monga Usisya Community Radio ndi Chirundu Community Radio, zidadza kudzatseka mipata ina yotere.

Foni ya m'manja idatengera malire omwewo a FM ndi kuwawonjezera. Kampani ya Telekom Networks Malawi idakhazikitsidwa mu 1995, Celtel idatsatira mu 1999, n'kudzasintha dzina kukhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010, ndipo bungwe loyang'anira ntchito zamtokoma la MACRA lidabadwa ndi lamulo la 1998. Nsanja za netiweki zidayamba kumangidwa m'mizinda, kenaka m'mbali mwa misewu ikuluikulu, ndipo kuno zidatsata msewu wa M5 ndi misika yake, chifukwa nsanja ndi chuma chambiri chofuna magetsi, dizilo wa jenereta, mlonda ndi msewu wofikirako, moti kampani imaiika pomwe pali anthu okwanira kubweza ndalamazo. Mafunde a foni, omwe pa 900 MHz amatalika masentimita pafupifupi 33, amatha kukhota pang'ono pa zotchinga zazing'ono koma phiri salipyola, ndipo masamba onyowa a mitengo amamwa gawo la mphamvu yawo. Zotsatira zake n'zodziwika kwa aliyense wokhala m'zigwa za pakati pa msewu ndi nyanja kapena m'magombe a kumpoto: mudzi uliwonse umadziwa malo ake a netiweki, kaya ndi pa chulu, pa mwala wina wa m'mphepete mwa madzi kapena pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu, ndipo foni imasiyidwa pawindo lomwe limagwira, itatsamizidwa mosamala kuti isasunthe, mwini wake akudikira uthenga wa ndalama zochokera kwa mwana wa ku Johannesburg. Kuyambira pamene ntchito zotumiza ndalama pa foni zidayamba, Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, kusowa netiweki kudasanduka kusowa banki, ndipo wogula usipa pa gombe la Sanga yemwe akufuna kumva mtengo wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe asanalipire amadziwa bwino kuti kuyenda mtunda kukafuna netiweki kumadya phindu.

Panyanja vuto ndi lina. Madzi alibe zitunda, koma dziko ndi lobulungira, kotero kuti mafunde ochokera pa nsanja yotalika mamita 30 amafika makilomita pafupifupi 20 asanabisike kuseri kwa kupindika kwa madzi, ndipo kuti mtundawo uwirikize kawiri pamafunika kukweza mlongoti kanayi, mpaka mamita 120. Nsanja yomangidwa pa chitunda imafika patali kuposa apo, koma milongoti yake yambiri imayang'ana kumtunda komwe kuli makasitomala. Asodzi a chilimira omwe amapita usiku ndi nyali kukakopa usipa, foni itakulungidwa mu jumbo kuopa madzi, amatha kufika pomwe netiweki yazimiririka, ndipo ngati injini yafa kapena mwera wadzuka mwadzidzidzi, amakhala opanda njira yodziwitsira a kumtunda.

Ganizo loika cholandirira ndi kupatsira mafunde pa droni, ndiye kuti kandege kopanda woyendetsa mkati, lidabadwa pa masamu omwewa a kutalika: chomwe chili m'mwamba chimaona nsanja ya kutali komanso mudzi wa kuseri kwa phiri pa nthawi imodzi, ndipo chingathe kusunthidwa kupita komwe kwagwa ngozi. Dziko la Malawi lidalowa m'nkhaniyi msanga kuposa mayiko ambiri. Mu Malichi 2016 bungwe la UNICEF lidayesa ku Lilongwe kunyamula pa droni timapepala ta magazi a makanda okayezedwa HIV, ndipo mu Juni 2017 boma pamodzi ndi bungweli lidatsegula malo oyeserapo madroni othandiza anthu ozungulira bwalo la ndege la Kasungu, otambalala makilomita 40 mbali zonse, oyamba a mtundu wake mu Africa. Ntchito zitatu zidatchulidwa potsegula malowa, zomwe ndi kujambula zithunzi kuchokera m'mwamba, kunyamula katundu wopepuka monga mankhwala, ndi kufufuza ngati droni ingafikitse netiweki ya foni kapena Wi-Fi ku malo ovuta, makamaka pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu Januwale 2020 kudatsegulidwanso sukulu ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe, mothandizana ndi yunivesite ya Virginia Tech. Pa ntchito zitatu zija, ziwiri zoyamba ndizo zidamera mizu: madroni adajambula madera osefukira madzi a kuchigwa cha Shire, makampani a Wingcopter ndi Swoop Aero adanyamula mankhwala ndi katemera, ndipo mu 2019 madroni adauluka pakati pa Nkhata Bay ndi chilumba cha Likoma, mtunda wa makilomita pafupifupi 70, atanyamula zoyezedwa za kuchipatala zomwe kale zinkadikira sitima. Ntchito yachitatu idatsalira m'mbuyo, ndipo chodabwitsa n'chakuti droni yonyamula mankhwala payokha imadalira netiweki ya foni kapena ya setilaiti kuti oyendetsa ake adziwe komwe ili.

Zifukwa za kutsalirako si za ku Malawi kokha. Droni ya mapiko ozungulira, yomwe ingathe kuima malo amodzi, imamaliza batire pasanathe ola, pamene nsanja imayembekezeka kugwira ntchito usana ndi usiku. Kampani ya AT&T idazemba vutoli ku Puerto Rico mu 2017, mphepo yamkuntho ya Maria itagwetsa nsanja, pomangirira droni ku chingwe chopereka magetsi kuchokera pansi, koma droni yomangidwa ndi nsanja ya kanthawi chabe, yofuna jenereta ndi akatswiri pansi pake. Facebook idasiya mu 2018 ntchito yopanga ndege yake yoyendera dzuwa ya Aquila. Kampani ya Loon, ya gulu limodzi ndi Google, idagwiritsa ntchito zibaluni zouluka makilomita pafupifupi 20 m'mwamba, idayamba kugulitsa netiweki ku Kenya mu Julayi 2020, ndipo chaka chomwecho idalengeza mgwirizano ndi Vodacom wofikitsa netiweki ku zigawo za Cabo Delgado ndi Niassa ku Mozambique, kutsidya kwenikweni kwa nyanja ino, koma mu Januwale 2021 idatsekedwa chifukwa chosapeza njira yotsitsira mtengo kuti bizinesi ipindule. Luso lidalipo ndipo lidagwira ntchito; chomwe chidasowa ndi wolipira. Kuno kumawonjezeka mwera ndi mvula yamphamvu, zomwe zimaletsa kandege kakang'ono kuuluka pa masiku omwewo omwe asodzi angakafune kwambiri.

Zikwangwani zobweza mafunde zimayankha funso lomweli kuchokera mbali ina. Chiyambi chake n'chakale, pakuti kuyambira m'zaka za m'ma 1950 makampani a lamya m'mayiko a mapiri ankaimika pa nsonga za zitunda malata aakulu osalala, opanda magetsi aliwonse, oti abweze mafunde a microwave kulowera kuchigwa, monga momwe mwana amalozera kuwala kwa dzuwa m'nyumba yamdima ndi kalilole. Lata lotere limabweza mafunde mbali imodzi yokha, yomwe lidayang'anitsidwa polimanga. Chatsopano, chomwe ofufuza amachitcha reconfigurable intelligent surface, ndi chikwangwani chopangidwa ndi tizigawo mazanamazana kapena zikwizikwi, kalikonse kochepera theka la kutalika kwa funde, ndipo kalikonse kali ndi kachipangizo kamagetsi komwe kamachedwetsa funde lobwezedwa ndi kanthawi kosankhidwa. Tizigawo tonse tikachedwetsa mafunde mwa dongosolo lowerengedwa bwino, mafundewo amaphatikizana mphamvu kulowera mbali imodzi ndi kuzimitsana mbali zina, moti kakompyuta kakang'ono kangathe kulozetsa mphamvuyo kwa munthu woyenda ndi foni popanda chikwangwanicho kusuntha. Kampani ya NTT Docomo idayesa chobwezera cha mtundu woyandikana ndi umenewu ku Tokyo mu 2018 pa mafunde a 28 GHz, ndipo bungwe loika miyezo ya zamtokoma ku Ulaya la ETSI lidakhazikitsa gulu loona za lusoli mu 2021, poyembekezera netiweki ya 6G. Ofufuza ambiri tsopano amaphatikiza ziwirizi pa masamu awo, droni ikulandira mafunde m'mwamba ndipo chikwangwani chikuwakhotetsera kuseri kwa chotchinga, kapena chikwangwanicho chitanyamulidwa ndi droni kuti kandegeko kasalemedwe ndi makina okuza mafunde.

Kwa dera losowa magetsi, ubwino wa chikwangwani n'ngwoonekeratu, popeza sichikuza mafunde koma chimangowawongolera, ndipo kasola kakang'ono kangachikwanire. Komabe pali malire omwe masamu a fizikisi saalola kuwalumpha. Mphamvu yomwe imatayika pa njira yodzera pa chikwangwani imakula mochulukitsa mtunda wochokera ku nsanja ndi mtunda wopita ku foni, osati mowonkhetsa, kotero kuti chikwangwani chimathandiza kwenikweni chikakhala pafupi ndi nsanja kapena pafupi ndi wolandira, ndipo chikaikidwa pakati pa mitunda iwiri italiitali chimafunika kukula kwambiri. Kuwonjezera apo, kafukufuku wochuluka wachitikira pa mafunde a sentimita imodzi kapena zingapo, oyenera misewu ya m'mizinda yokhala ndi nyumba zosanja, pamene mafunde omwe amafika m'midzi ya ku Nkhata Bay ndi aatali, omwe tizigawo take timafunika kukula, ndipo mafoni ambiri a m'midzimo ndi a mabatani. Pa chifukwa chimenechi n'zomveka kuganiza kuti lata wamba la m'zaka za m'ma 1950, kapena kansanja kakang'ono koyendera sola pa chitunda ngati cha Mphande ku Usisya, zingapindulitse gombe lino msanga kuposa chikwangwani chanzeru, chomwe ngakhale m'mayiko olemera chikadali m'manja mwa ofufuza.

Pakadali pano njira zina zalowa kale pa mpikisano. Mu 2013 akatswiri a fizikisi a ku Chancellor College pamodzi ndi MACRA adayesa ku Zomba kufikitsa intaneti kumidzi kudzera m'mipata ya mafunde a kanema yomwe siikugwiritsidwa ntchito, mafunde omwe amapyola mitengo bwino kuposa a Wi-Fi, ndipo mu 2023 intaneti ya setilaiti ya Starlink idayamba kugulitsidwa m'dziko muno, ngakhale kuti mtengo wa zipangizo zake ndi malipiro a mwezi ndi mwezi n'zofikirika kwa malo ogona alendo ndi mabungwe kuposa kwa msodzi. Lamulo la zamtokoma la 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA, momwe makampani amasonkhamo ndalama zofikitsira ntchito zamtokoma ku madera omwe malonda paokha sangawafikire, ndipo m'thumba limeneli, kuposa m'zipinda zofufuzira za ku Tokyo, ndimo mudzagamulidwe ngati magombe a pakati pa Sanga ndi Usisya adzalandire nsanja, chikwangwani kapena droni, komanso amene adzalipidwe kukwera phiri kukakonza chikawonongeka m'dzinja.